Za mlendo amene akufuna mubetcherane K50,000

Mphwanga, uthenga wako ndaumva madzulo ano nditangofika kuchokera kudimba, ndipo ndaona kuti ndiyankhe pagulu pompano pamene wafunsira, chifukwa asuweni ako ena nawonso amakhalitsa pa matebulo a pulu. Wanena kuti pamalo pamene umasewera paja pa Chinkhoma pabwera bambo wina amene nonse simukumudziwa, kuti iwe wamupambana magemu atatu, awiri a K2,000 ndi imodzi ya K5,000, ndipo tsopano akuti Loweruka mudzabetcherane K50,000 kuti abweze zake. Ukufunsa kuti ungadziwe bwanji ngati munthuyu sathadi kusewera kapena akungodzipusitsa kuti akukole. Achemwali, ndikudziwa kuti mukumva, ndipo ndikukupemphani kuti musamukalipire mwanayu, pakuti wachita bwino kufunsa ndalama isanatuluke m'thumba.

Ukudziwa kuti ndinakhala zaka zinayi ndikuyang'anira tebulo la pulu pa boma la Kasungu, ndikugulitsa matokeni, kusesa nsalu ya tebulo ndi burashi m'mawa uliwonse, ndiponso kuleretsa anthu okangana pa mpira wakuda, umene umalowetsedwa pomaliza gemu. Pa zaka zimenezo ndinaona kuti alendo amtunduwu ali ndi nyengo yawo. Amatulukira msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo, pamene mabelo ayamba kulowa ku okushoni ya Chinkhoma ndipo alimi ndi anyamata onyamula katundu ali ndi kangachepe m'thumba, ndipo amabweranso soya ndi mtedza zikagulidwa. Monga mmene ogulitsa zovala ndi njinga amatsatira ndalama ya fodya, wodziwa ndodo nayenso amaitsatira, ndipo msewu wa M1 umamuthandiza, chifukwa lero asewera pa Chinkhoma, mawa ali pa Chatoloma kapena pa Nkhamenya kumene kulibe womuzindikira.

Tisanafike pa kagwiridwe ka ndodo, tiyambe tawerenga ndalamazo. Zimene wamudyera zonse pamodzi ndi K9,000. Ukagonja Loweruka, iye adzachoka ndi phindu la K41,000, ndipo pamenepo udzazindikira kuti K9,000 ija inali nyambo, yofanana ndi nyongolotsi imene msodzi wa mu Bua amakoleka pa mbedza popanda kuidandaula. Munthu amene wagonjadi katatu motsatizana, amene akudziwa mumtima kuti mnzakeyo amamuposa, kawirikawiri amatsitsa ndalama, kapena amapempha kuti umupeputsireko, mwina aziyamba ndiye kuswa mipira. Koma wogonja katatu amene akukweza ndalama kakhumi, kuchoka pa K5,000 kufika pa K50,000, mwina ndi munthu amene juga yamulowa m'magazi moti mutu sukugwiranso, kapena ndi tsinzinantole amene akudziwa kale mmene Loweruka lidzathere. Onse awiriwa si anthu oti uike nawo pa tebulo ndalama imene ukusungira feteleza.

Tsopano ndikuuze koyang'ana, pakuti apa ndi pamene pali funso lako lenileni. Anyamata ambiri amayang'ana mpira umene ukupita ku dzenje, ndipo akaona kuti mlendo waphonya amati sadziwa. Kuphonya n'kosavuta kunamizira, chifukwa katswiri angosuntha ndodo pang'ono mpira n'kugunda m'mphepete. Chimene chimamuvuta kubisa ndi mpira woyera, umene wosewera amamenya ndi ndodo kuti ukagunde inayo. Iwe uziyang'ana pamene woyera ukukaima iyeyo akaphonya. Wosadziwa akaphonya, woyera umathamanga tebulo lonse n'kukaima paliponse, ndipo nthawi zambiri umakusiyira mpira wapafupi woti ulowetse. Koma ngati munthu akuphonya, iwe n'kumapeza woyera wagona m'mphepete penipeni pamene ndodo imavuta kuika, kapena wabisala kuseri kwa mipira yake moti sukuona wako ndi umodzi womwe, usanene kuti ali ndi mwayi, chifukwa mwayi subwera kasanu pa gemu imodzi. Uonenso mpira wake umene waphonyawo. Ngati ukukaima pakamwa pa dzenje n'kutseka njira ya mipira yako, ameneyo sanaphonye ayi, wangosungitsa. Tebulo lili ndi maenje asanu ndi limodzi okha, ndipo munthu akakutsekera awiri kapena atatu, gemu ili m'manja mwake ngakhale iwe utatsala ndi mipira iwiri iye atatsala ndi isanu.

Pali chinthu chinanso pa woyera yemweyo. Ukaumenya m'munsi umabwerera m'mbuyo ukagunda unzake, ukaumenya pamwamba umautsatira kutsogolo, ndipo ukaumenya chapakati ndi mphamvu yoyenera umaima pomwepo ngati wakhomeredwa. Kubweza woyera m'mbuyo bwinobwino sikuchitika mwangozi kwa munthu wongoyamba kumene, kumafuna nthawi yaitali ya kusewera. Ngati pa magemu atatu aja unaonapo kamodzi kokha woyera wa bamboyo ukubwerera mwaulemu n'kukaima pabwino, dzanja lake linaulula zimene pakamwa pake pakubisa. Kumbukiranso mmene magemuwo anathera. Wodzipusitsa sakonda kugonja motayirira, amakutsatira pafupipafupi mpaka pa wakuda, kenaka n'kuphonya womalizawo kapena kugwetsa woyera m'dzenje, kuti iwe uone ngati umamuposa pang'ono, pamene iye watha kale kuyeza mphamvu zako zonse ndi mipira imene imakuvuta.

Thupi nalonso silinama kwa nthawi yaitali. Wophunzira akaika dzanja pa nsalu zala zimagwedera, chigongono chimapita uku ndi uku, ndipo mutu umadzuka ndodo isanamalize ulendo wake. Wozolowera amayala zala pa nsalu n'kudzutsa chala chachikulu kuti ndodo iziyenda m'kanjira kake, chibwano chimatsika pafupi ndi ndodo, ndipo amakhala chiweramire mpaka mpira utafika kumene wautuma. Choko amapaka asanamenye mpira uliwonse, osayang'ana n'komwe kunsonga, maso ali pa tebulo kuwerenga mipira itatu ya kutsogolo. Posankha ndodo amaigubuduza pa tebulo kuti aone ngati ili yokhota, ndipo amakhudza kachikopa ka kunsonga ndi chala. Ena amanyamula woyera m'manja asanayambe, chifukwa pa matebulo ambiri a tokeni woyera umakhala wocheperako pang'ono kuti ukagwa m'dzenje uzitulukira njira yakeyake, ndipo wodziwa amafuna amve kulemera kwake. Munthu angathe kudzandima ndi kulankhula ngati woledzera, koma zizolowezi zimenezi zimatuluka zokha iye asakudziwa.

Ine zimenezi ndinaziphunzira mowawa, ndipo sindinakufotokozereponi nonse bwinobwino. Chaka china m'mwezi wa Juni pa tebulo panga panafika bambo wovala jekete lafumbi, atanyamula kachikwama ngati mlimi wochokera ku okushoni. Anakhala pa benchi masana onse akuonera anthu akusewera, ali ndi botolo limodzi la mowa m'manja, ndipo ndinadzakumbukira pambuyo pake kuti mowa wa m'botolomo sunkatsika. Chakumadzulo anapempha kusewera nane, ndipo ndinamupambana kawiri anthu akuseka. Panali mwamuna wina amene anafika payekha, wooneka ngati sakudziwana naye, amene ankandichemerera nthawi yonseyo kuti akulu, mudyereni ameneyu ndalama ya fodya isanathere ku mowa. Pa gemu yachitatu ndinaika ndalama ya matokeni a sabata yonse, imene sinali yanga koma ya mwini tebulo. Bamboyo sanandichititse manyazi, anandipambana ndi mpira umodzi wokha, n'kugwira kumutu ngati wodabwa kuti mwayi wamugwera. Chifukwa choti ndinatsala pang'ono kupambana, ndinabwereka ndalama kwa wogulitsa mugolosale yoyandikana nayo kuti ndibweze, ndipo anandipambananso ndi mpira umodzi. Pa mpira wake wachisanu ndi chiwiri ndinaona woyera ukubwerera m'mbuyo pafupifupi theka la tebulo n'kukaima molunjika ndi wakuda, ndipo m'mimba munandizizira pomwepo. Patapita kanthawi ndinamuona akukwera minibasi imodzi ndi wondichemerera uja. Ndinagwira ntchito miyezi iwiri osalandira malipiro, ndipo mayi a kunyumba kuno anagulitsa mbuzi yawo ya bere kuti titseke ngongole ya kugolosale. Mbuzi imeneyo mpaka lero imandipweteka mumtima kuposa ndalamazo.

Choncho uyang'anenso anthu ozungulira tebulo. Funsa mumtima mwako kuti ndani akukukometsera kwambiri nkhani ya Loweruka, ndani akuti iye adzabetcha kumbali yako, ndipo munthu ameneyo unayamba liti kumuona pa Chinkhoma.

Sindikufuna kuti uziona mlendo aliyense ngati wakuba. Akuluakulu amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo ine ndinaphunzira zambiri za pulu kwa madalaivala a malole ndi aphunzitsi ongotumizidwa kumene kudera lathu, anthu amene ankasewera mwachilungamo n'kukuonetsa pamene ukulakwitsa. Bamboyu mwina ndi mmodzi mwa otere, ndipo pali njira yomuyesera imene siikuonongetsa kanthu. Umuuze mwaulemu kuti K50,000 ulibe, koma ndiwe wokonzeka kusewera naye magemu khumi, wogonja azingogula tokeni. Wokonda masewera adzavomera mosavuta, pakuti chimene akufuna ndi ndodo ndi tebulo, ndipo pa magemu khumi luso lake lenileni lidzaonekera, chifukwa palibe amene angadzipusitse madzulo onse popanda cholowa. Wotsata ndalama adzayamba kukunena kuti ndiwe wamantha pamaso pa anzako, adzatsitsa kufika pa K30,000 kapena K20,000 ngati akukuchitira chifundo, ndipo ukakanabe adzakusiya n'kuyamba kucheza ndi mnyamata wina. Ufunsenso woyang'anira tebulo lanulo ndi anyamata a kabaza, chifukwa iwo amadziwa amene watsika minibasi iti, akugona kuti, ndiponso ngati anamuonapo pa matebulo a pa Santhe kapena pa boma. Woyang'anira tebulo amaona manja a anthu tsiku lonse, ndipo ukamufunsa pambali adzakuuza zimene sanganene pagulu.

Ngati tsiku lina udzasewera ndi munthu wachilendo pa kandalama kochepa, mugwirizane malamulo mipira isanaswedwe, pakuti malamulo a pulu amasiyana tebulo ndi tebulo. Mumvane ngati faulo ikupatsa mnzako mwayi womenya kawiri kapena kamodzi, ngati wakuda ungalowe dzenje lililonse kapena lokhalo limene watchula, ndiponso chimene chichitike woyera ukagwa pamodzi ndi wakuda. Ndewu zambiri zimene ndinaleretsa zinkayambira pamenepa, ndipo ndodo ya pulu ikasanduka chida imang'amba mutu. Ndalama igwidwe ndi munthu wachitatu amene iwe ukumudziwa, iikidwe yonse gemu isanayambe, ndipo usavomere zoti ndikutumizira pa Airtel Money kapena pa Mpamba tikamaliza. Foni kapena njinga usaike chikole ngakhale pang'ono. Bungwe la MAGLA limayang'anira makampani a juga amene ali ndi chilolezo, koma pangano la pakamwa la anthu awiri pa tebulo lilibe lisiti, ndipo munthu akathawa kapena akakana, udzasowa pogwira.

Wandifunsa maganizo anga, ndipo ndikuuza mosabisa kuti K50,000 imeneyo usapite nayo. Ngati bamboyo ndi katswiri, akulanda. Ngati ndi mlimi weniweni amene juga yamusokoneza, ndiye kuti iwe ndi amene udzakhala ukudya ndalama ya ana ake, ndipo m'banja mwathu muno sitinakuleleni kuti muzidya zoterozo. Ndikudziwa kuti chimene chikukukoka kwambiri si ndalama yokha, koma anzako amene anakuona ukupambana katatu ndipo akuyembekezera kuti uonetse chamuna. Anzako amenewo sadzakhalapo mu Novembala pamene mvula yagwa ndipo thumba la feteleza likufunika kumunda kwa mayi ako. Ndalama ya fetelezayo uwapatse mayi ako akusungire kuyambira mawa, kuti Loweruka usadzakhale nayo m'thumba ngakhale mtima utatembenuka.

Loweruka lomwelo ine ndikubwera ku Chinkhoma kudzatenga ziguduli kwa alamu anga, ndipo ndidzafika masana dzuwa lisanapendeke. Udzandidikire pa siteji, tidzapitire limodzi ku tebuloko. Usadzamuuze bamboyo kuti ndine malume ako kapena kuti ndinagwirapo ntchito ya pulu. Iwe udzamupemphe gemu ya tokeni monga ndanenera, ine ndidzakhala pa benchi, ndipo ndikufuna ndidzaone ndi maso anga mmene amapakira choko ndi pamene woyera wake ukukaima.