Laisensi ya upulambala ku America: mwafunsa za mtengo, ine ndikufunsani za maola

Funso: Ndakhala ku Indiana zaka zitatu. Upulambala ndinaphunzira kumudzi, ndili ndi satifiketi ya TEVETA. Kuno ndimathandiza mkulu wina kukonza mipope ndipo amandilipira pamanja Lachisanu lililonse. Anzanga akuti laisensi ndi yotchipa ku Texas kusiyana ndi ku California. Ndisamukire kuti? Mnzanga wina wandilonjeza ngongole ya madola 3,000 ya chiwongoladzanja.

Yankho: Achimwene, anzanuwo sananame, koma akuuzani kachidutswa chabe. Ku America kulibe laisensi imodzi ya dziko lonse. Dera lililonse lili ndi malamulo ake. Ku Texas zolipira mayeso ndi laisensi ya journeyman, ya pulambala amene wamaliza kuphunzira ntchito, ndi madola makumi angapo. Ku California, laisensi ya C-36, ya kontilakitala wa upulambala, imafuna madola 450 pongopereka fomu, kuwonjezera apo chikole cha madola 25,000, chimene simupereka chonse koma mumalipirira kampani ya inshuwaransi chaka ndi chaka. Ku New York boma la deralo silipereka n'komwe laisensiyi, imaperekedwa ndi mizinda, ndipo mumzinda wa New York amafuna zaka 7 za ntchito munthu asanakhale master plumber, pulambala wa laisensi yapamwamba.

Ndalama zonsezi n'zazing'ono. Chodula ndi nthawi. Texas yotchipayo imafuna maola 8,000 a ntchito yotsimikizika musanalembe mayeso a journeyman. California imafuna zaka 4. Indiana komwe muliko imafuna zaka 4 za maphunziro a ntchito ovomerezeka. Ndipo mukadzafuna kutsegula bizinesi yanuyanu ku Texas, padzafunika laisensi ya master ndi inshuwaransi ya madola 300,000.

Apa ndiye pamene kalata yanu yandipweteka mtima. Zaka zitatu mukulandira pamanja. Tiwerengere pamodzi: maola 40 pa sabata, masabata 50 pa chaka, zaka zitatu, ndi maola pafupifupi 6,000. Mwakwawa pansi pa nyumba za anthu m'nyengo ya chisanu, zala zitauma, tochi ili pakamwa, koma papepala palibe ola limodzi lolembedwa dzina lanu. A bungwe la laisensi sadzayang'ana zikhatho zanu. Adzafuna fomu yosainidwa ndi pulambala wa laisensi, mapepala a malipiro ndi a msonkho. Satifiketi ya TEVETA isungeni bwino, ikusonyeza kuti ntchito mumaidziwa, koma musayembekeze kuti ilowa m'malo mwa maolawo.

Nkhani ya kusalemba imeneyi ndimaikamba mpaka ena amanditopa nayo. Wamalonda wa pamsika ku Limbe amalemba ngongole ya tomato m'kope la ana asukulu, inu ntchito ya zaka zitatu mwaisunga m'mutu. Gulani kope lero. Tsiku, adiresi ya nyumba, ntchito imene mwagwira, maola, dzina la amene amakuyang'anirani. Lisiti lililonse la mapaipi ndi zitsulo lijambuleni pa foni lisanafufutike m'thumba la ovolosi.

Ngongoleyo isiyeni. Simunanene chiwongoladzanja chake, koma ngati ndi katapila wa 10 pa 100 pa mwezi, ndi madola 300 mwezi uliwonse, 3,600 pa chaka, ngongole yeniyeniyo musanaikhudze. Mukongolerenji ndalama yosamukira kumalo kumene mukayambirenso kuwerenga maola kuchokera pa ziro?

Sabata ino mufunseni mkuluyo mwaulemu ngati ali ndi laisensi ya Indiana. Mukhozanso kufufuza dzina lake pa intaneti, patsamba la boma la deralo. Ngati ali nayo, mupempheni akulembetseni ngati wophunzira ntchito ndipo azikulipirani kudzera m'mabuku, ngakhale msonkho udye pang'ono. Akakana, fufuzani kampani kapena yuniyoni ya apulambala imene imaphunzitsa uku ikulipira. Abale kumudzi auzeni msanga kuti zotumiza zichepa kwa kanthawi, ndipo muwatchulire ndalama zimene muzitumiza.