Bwana wanga woseka ndi bwana wanga wosaseka

Kalata ya sabata ino yachokera ku Nchalo. Mnyamata wina akuti bwana wake amamuphunzitsa ntchito koma malipiro ndi ongogulira sopo, tsono kwapezeka malo ena a ndalama zooneka, kungoti bwana wa kumeneko anthu amati ndi chilombo. Apite kapena akhale? Achimwene, kalata yanu ndaiwerenga katatu. Mwandikanda pachilonda.

Ine ntchito ndinayambira pa sikelo ku Ngabu, ndili kalaliki wa kampani ina yogula thonje. Amene munakhalapo pamsika wa thonje mukudziwa mmene kumakhalira: ngolo za ng'ombe zafika mbandakucha, fumbi lili koboo, tiulusi tikukulowa m'mphuno, ndipo pofika 10 koloko malata a shedi ayamba kale kuthetheka ndi dzuwa. Iwe uli ndi bolopeni, buku la malisiti ndi mantha. Bwana wanga woyamba anali munthu wansangala zedi. Fanta ankatigulira, pamaliro sankasowa. Tsiku lina mabelo athu anakapezeka kuti aperewera makilogalamu 60. Akuluakulu atatsika kuchokera ku Blantyre, bambo aja anandiloza chala alimi akuona, amvekere, "Kamnyamata aka ndinkakakayikira kale." Chikhalirecho ndinali nditawauza kawiri konse kuti sikelo ikunama. Anandidula malipiro a mwezi wathunthu, madzulo ake n'kundigulira Fanta.

Mpaka lero Fanta wa olenji sandilowa.

Amene anandisandutsa munthu ndi mayi ena ochokera cha kwa Tengani, amene analowa m'malo mwa bambo aja. Kuseka ayi. Moni kamodzi basi. Koma tsiku loyamba lomwe anandikhazika pa thumba la mbewu n'kundionetsa kayesedwe ka sikelo: m'mawa uliwonse uikepo chitsulo cha makilogalamu 20 alimi akuyang'ana, ulembe m'buku, mlimi mmodzi asaine. Ndikasokoneza masamu ankandiitanira kuseri kwa shedi, ndipo mawu ake ankalasa mpaka kusowa tulo. Koma kuseri. Pamaso pa akuluakulu ankati, "Ndalakwitsa ndine, sindinayang'anitsitse." Zikayenda bwino ankati, "Wachita ndi mwana uyu."

Kenako kunabwera madzi a mu Januwale 2015, aja anadula Makhanga ndi mbali yaikulu ya East Bank, tsidya la kum'mawa kwa mtsinje wa Shire. Nyumba ya amayi anga inapita. Ndinasowa kuntchito masabata atatu, foni yopanda moto, ndipo pobwerera ndinali nditavomereza kale mumtima kuti ntchito yatha. Mayi aja anangofunsa kuti, "Amayi apulumuka?" Nditavomera anandikankhira buku la ngongole za mankhwala opopera thonje. "Latsalira. Yambira tsamba ili." M'kaundula anali atandilemba kuti ndili pa tchuthi. Tsiku limenelo ndi pamene ndinamva koyamba kuti tchuthi si chifundo cha bwana, kuti lamulo la ntchito, Employment Act ya 2000, limapereka masiku 18 pachaka kwa wogwira ntchito masiku 6 pa sabata, ndi 15 kwa wogwira masiku 5. Bwana woseka uja, nyengo zonse zija, sanatitsinepo khutu.

Apa ndipatukeko pang'ono, poti zimandinyansa. Ife a kuchigwa kuno bwana timamutenga ngati mfumu. Ntchito zambiri kwathu ndi za nyengo: kudula nzimbe, kugula thonje, masiku ano kukumba ngalande ya mthirira ija yochokera ku Kapichira. Nyengo ikatha aliyense amabwerera kumudzi kukadikira ngati dzina lake lidzatulukenso. Ndiye wogwira kaundula timamugwadira, kuwomba m'manja, "takhuta, takhuta," pa zinthu zoti ndi zathu kale. (Anzathu a kumtunda akamva "takhuta" amaganiza kuti tadya nsima, osadziwa kuti ndi zikomo wa Chisena.) Ulemu ndi wabwino, ine ndinaleredwa nawo. Koma ulemu wa mantha ndi umene umanenepetsa mabwana oipa.

Ndipo ndinene mosapsatira: bwana wokondedwa ndi aliyense ndimamukayikira. Kale ndinkati mwina ena amangobadwa ofatsa. Pano ayi. Munthu amene sanayambanepo ndi akuluakulu ake chifukwa cha antchito ake, ndiye kuti pakagwa mlandu amapereka wina nsembe. Nkhanza nazonso sindikuziyamikira, musandimve molakwa. Wokutukwanira pagulu ndi wokusekerera kenako n'kukugulitsa, onsewo ndi amodzi, amasiyana nkhope chabe.

Chimene sindidzaiwala ndi ichi. Patapita zaka ziwiri mayi aja anadula kachidutswa ka nyuzipepala kolengeza ntchito ya m'sitolo yosungira katundu ku Blantyre, n'kukaika pa tebulo langa osanena kanthu. Kalata yondichitira umboni analemba okha pamanja. Ankadziwa kuti ndikapita buku lija liwatsalira, nyengo ya thonje ili pafupi. Ndinakwera phiri la Thabwa pa minibasi, chigwa chonse chikuoneka pansi ndi Shire akunyezimira, ine misozi ili chuchuchu ngati mwana wopita ku sekondale. Bwana woseka uja akanakabisa kachidutswako, ng'ombe yokoka ngolo saimasula.

Tsono mupite kapena mukhale?

Pezani anthu atatu amene anagwirapo ntchito pansi pa bwana winayo, muone kumene ali lero. Chitani chimodzimodzi ndi bwana wanu wapano. Mukaganiza zopita, zonse zikhale pa pepala, malipiro ndi maola omwe, poti lamulo limati maola 48 pa sabata, opitirira apo ndi ovataimu. Ngati ndalama zapanozi zikugoneka ana ndi njala, pitani, sindingakuuzeni kuti mudye maphunziro. Ngati zikukwanira movutikira, ine ndikanapirira chaka china. Koma musanachite chilichonse, kawauzeni abwana anuwo maso ndi maso kuti kwina akukufunani, ndipo muwayang'ane nkhope poyankha. Mundilembere zimene anene.