Wilo ikuti "malo anga a ku Lilongwe ndasiyira ana anga": yambirani ku ofesi ya malo

Mayi, mwalemba kuti malemu bambo anu anasiya wilo ya mawu amenewa. Anali ndi puloti ya lizi ku Area 25 yokhala ndi nyumba, komanso munda ku Mitundu umene anapatsidwa ndi amfumu. Achimwene anu aakulu, omwe wiloyo inawasankha kuti ayendetse chumacho, akuti "ana anga" ndi a kunyumba yaikulu okha, inu a mayi aang'ono mulibemo. Akuluakulu a kubanja akuti mudekhe, mudzakhala pansi anthu akakolola. Ndipo mwamva kuti pali munthu amene wabwera kale kawiri kudzaona nyumbayo.

Wobwera kudzaona nyumbayo ndiye akundidetsa nkhawa kuposa mawu a mu wilo.

Achimwene anu akangotenga probate, chikalata cha khoti chotsimikiza wilo ndi kuwapatsa mphamvu, akhoza kulembetsa dzina lawo pa pulotiyo monga woyendetsa chuma cha masiye, kenako n'kugulitsa. Pansi pa Registered Land Act, lamulo la malo olembetsedwa m'kaundula, munthu amene wagula malo, walipira ndalama, walembetsa dzina lake n'kulowamo osadziwa za chinyengo chilichonse, kumuchotsa n'kovuta kwambiri. Ndaonapo mayi wina akufika ndi fayilo yodzaza makalata a misonkhano ya banja, siginecha za amalume ndi chidindo cha amfumu zili mbwee, pomwe nyumbayo inali itapakidwa kale penti wina ndipo geti linali ndi loko watsopano. Mlandu wake unali wabwino. Chimene chinatsala n'kulondola ndalama kwa mchimwene wake, amene anali atadya kale.

Choncho mawa lomwe pitani ku Land Registry, ofesi ya kaundula wa malo, ku Lilongwe ndi nambala ya pulotiyo. Pemphani kufufuza m'kaundula kuti muone dzina limene lilipo lero, kenako ikani caution. Iyi ndi fomu imene mumalembapo gawo lanu pa malowo, n'kulumbirira pamaso pa loya kapena majisitireti. Ikangolembedwa m'kaundula, kusintha umwini motsutsana nayo sikuloledwa popanda chilolezo chanu kapena lamulo la khoti. Koma samalani, anthu ambiri amathera pomwepa. Achimwene anu akhoza kupempha kuti ichotsedwe, ofesi n'kukutumizirani chidziwitso. Mukapanda kuyankha mu nthawi imene yalembedwa, imachotsedwa. Ikani adiresi imene mumalandiriradi makalata, osati bokosi la sukulu imene munachokapo zaka 5 zapitazo. Akakuuzani kuti fayilo sikuoneka mubwere sabata ya mawa, zimene zimanditopetsa kumva, musachoke chimanjamanja: siyani kalata yanu, akudindireni pa kope yanu tsiku limene ailandira.

Caution imangogwira malo, sithetsa mkangano. Wothetsa ndi High Court, nthambi yoona za mabanja ndi chuma cha masiye, kumene mungapemphe kuti imasulire wiloyo ndi kuletsa kugulitsa mpaka chigamulo. Ngati probate isanatuluke ndipo mukukayikira wilo yeniyeniyo, monga siginecha kapena mboni zake ziwiri, ikaninso caveat kukhotiko kuti chikalata chisaperekedwe inu osamvedwa.

Pa tanthauzo la mawu, sindingakulonjezeni. Khoti limafunafuna chimene mwini wilo ankafuna, powerenga wilo yonse, osati mzere umodzi, ndipo mawu akakhala a paŵiri limayang'ananso mmene zinthu zinalili pomwe ankalemba. Pa "ana anga" mwaima pabwino ndithu: ndime 23 ya Malamulo Oyendetsera Dziko imati ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo posatengera mmene anabadwira, ndipo bambo akanafuna ana ena okha akanawatchula maina. Komabe ngati ndime ina ya wiloyo inakupatsani inu chanuchanu padera, loya wa mbali inayo adzatsamira pamenepo. Ngakhale zitatero, Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act ya 2011, lamulo la chuma cha masiye, imalola khoti kupatsako gawo mwana kapena mkazi amene wilo yamusiya pa mavuto.

Za "Lilongwe" n'zovutirapo, chifukwa Mitundu ilinso m'boma la Lilongwe. Funso loyamba n'lakuti kodi mundawo unali wawo woti n'kuulemba mu wilo. Ngati anaulembetsa monga customary estate, malo a kwa amfumu olembetsedwa m'dzina la munthu, pansi pa Customary Land Act ya 2016, ukhoza kusiyidwa kudzera mu wilo. Ngati sanalembetse, mwambo wa kumeneko udzalankhula kwambiri, makamaka ngati ndi munda wa mbumba, ndipo nkhani yake imayambira kwa amfumu ndi a T/A. Musaisakanize ndi ya nyumba, ingakuchedwetseni.

Pezani kope ya wilo yonse, osati tsamba limodzi limene anakutumizirani pa WhatsApp. Sungani chiphaso cha imfa, chiphaso chanu chobadwira, malisiti a fizi ndi chilichonse choonetsa kuti bambo ankakutengani ngati mwana wawo. Musasaine pepala lililonse pa msonkhano wa banja, ngakhale atati n'longolemba amene abwera, musanaliwerenge ndi kulijambula. Ngati wina wayamba kutolera lendi ya nyumbayo kapena kuchotsamo katundu wopanda chilolezo, dziwitsani apolisi ndi ofesi ya Administrator General, yoona za chuma cha masiye, kapena ya DC. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu wopita nawo kundende. Mlandu wofuna kubweza malo uli ndi malire a zaka 12, koma musawerengere zimenezo pomwe wogula ali pakhomo. Ngati ndalama ya loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau, ofesi ya maloya a boma othandiza osowa ndalama, mutanyamula zotsatira za kafukufuku wa m'kaundula uja.