Mng'ono wanga wachotsa mimba ndipo akudwala: ndikamuthandiza ndiye kuti ndavomereza?

A Dokotala,

Ndine mayi wa ana atatu, wopemphera. Mng'ono wanga wa zaka 21 amakhala nafe. Wandiululira kuti anali ndi mimba ya miyezi iwiri ndi theka ndipo anamwa mankhwala amene anampatsa mnzake kuti ichoke. Patha masiku asanu ndi atatu akutayabe magazi, ena oundana, ndipo tsopano ayamba kununkha. Usiku amatentha thupi ndi kunjenjemera. Ndakhala ndikumugulira panado ndi makapisozi. Mayi wina wachikulire wandiuza kuti ndisade nkhawa, ndi magazi oipa akutuluka, m'mimba mukudzitsuka. Mtima wanga wagawikana. Kwa ine zimene wachitazi ndi tchimo, ndipo nthawi zina ndimaganiza kuti mwina ichi ndi chilango chake. Ndikaganiza zopita naye kuchipatala ndimaopa manyazi ndi mafunso, komanso ndimaona ngati ndikhala ndavomereza zimene wachita. Kodi magaziwa asiya liti?

Mayi wothedwa nzeru

Mayi,

Musadikire kuti magaziwo asiye okha. Mng'ono wanu afike kuchipatala lero, kaya ndi masana kaya ndi pakati pa usiku. Mawu amenewa ndinakutumizirani kalata yanu itangofika. Pano ndikufuna tikambirane bwino, chifukwa ndaona kuti chimene chakumangani miyendo masiku onsewa ndi zinthu ziwiri: mawu a mayi wachikulire uja, ndi funso limene likukusowetsani tulo.

Ndiyambe ndi nkhani ya magazi oipa. Ndaimva kambirimbiri, ndipo yapha atsikana ambiri amene akanakhala ndi moyo lero. M'chiberekero mulibe nkhokwe ya magazi oipa oyembekezera tsiku lotuluka. Magazi amene mukuwaona pa nsalu zake ndi omwewo amene mtima wake umapopera ku ubongo ndi ku impso, ndipo munthu wamkulu ali nawo pafupifupi malita asanu okha. Mimba ikamera, nsengwa imalumikizana ndi khoma la chiberekero kudzera m'mitsempha yambiri ya magazi. Zonse zikatuluka bwinobwino, chiberekero chimadzifinya ngati nkhonya n'kutseka mitsemphayo, ndipo magazi amacheperachepera mpaka kusiya patatha sabata imodzi kapena ziwiri, popanda fungo, popanda kutentha thupi. Koma kachidutswa ka nsengwa kakatsalira, chiberekero chimalephera kudzifinya. Mitsempha imakhalabe yotseguka, khomo la chiberekero nalonso limakhala lotseguka, ndipo tizilombo timalowa n'kuyamba kudya zotsalirazo. Fungo limene mukulimvalo ndi la zinthu zimene zikuwola m'kati mwa thupi la munthu wamoyo. Kunjenjemera kwa usikuko kumasonyeza kuti tizilomboto mwina tayamba kale kulowa m'magazi. Zikafika pamenepo impso zimatha kuleka kugwira ntchito, magazi amasiya kuthamanga bwino, ndipo amene wapulumuka nthawi zina amatsala ndi machubu a mazira otsekeka, osadzaberekanso.

Mayi wachikulireyo sanafune kukunamizani. Iye anaonadi amayi amene anataya magazi n'kuchira okha, chifukwa kwa iwowo zonse zinatuluka. Amene anachira ndi amene amasimba nkhaniyi. Amene anamwalira amangonenedwa kuti anadwala malungo aakulu, banja n'kubisa chenicheni, chikhulupirirocho n'kumapitirira ku mbadwo wina.

Ndimakumbukira mtsikana wina amene anafika naye atamunyamula. Chipumi chinali chotentha ngati moto koma manja ali zii. Nditatsitsa chikope chake cham'munsi, m'kati munali moyera ngati pepala, ndipo nditangogwira pamimba anakuwa. Abale ake ankangobwereza kuti, "Koma dzulo lomweli amayenda yekha." Sankanama. Thupi la munthu wachinyamata limapirira kwa masiku, kenako limagwa mwadzidzidzi. Choncho musalimbe mtima poona kuti mng'ono wanu akuyendabe ndi kulankhula.

Za panado ndi makapisozi, mundilole ndikudzudzuleni pang'ono, ngakhale ndikudziwa kuti munachita mwachikondi. Panado amatsitsa kutentha thupi kwa maola angapo, inu n'kumaona ngati akupeza bwino, pamene matenda akupitirira kukula. Makapisozi ogula mwachisawawa kawirikawiri sakhala mtundu woyenera kapena mlingo wokwanira, ndipo ngakhale atakhala oyenera sangatulutse zimene zatsalira m'chiberekero. Masiku amene apita pa mankhwala amenewa ndi amene tizilombo tapezerapo mpata. Musamupatse asipirini, chifukwa amawonjezera kutaya magazi. Asamwe zitsamba zoti zitsuke m'mimba, pakuti zina zimawononga impso ndi chiwindi, ndipo asalowetse kanthu kalikonse kumaliseche.

Tsopano funso lanu lenileni. Ine sindine m'busa, ndipo sindikufuna kukuchotsani pa chikhulupiriro chanu. Nkhani yochotsa mimba yagawanitsa anthu anzeru ndi a mtima wabwino padziko lonse. Ena amati moyo wa munthu umayamba tsiku limene mimba yaima, ndipo palibe amene ali ndi ufulu woudula. Ena amati amene wanyamula mimbayo m'thupi mwake ndiye ayenera kusankha. Ambiri ali pakati, amakana koma amaima kaye akamva za mtsikana wogwiriridwa kapena mayi amene mimba ikufuna kumupha. Malamulo nawonso amasiyana dziko ndi dziko. Ine ndagwirapo ntchito ndi madokotala ndi anamwino a mbali zonsezi, ndipo pa nthawi yopuma ankatsutsana kwambiri. Koma mayi wotaya magazi akalowa, onse ankathamangira bedi limodzi.

Maiko nawo anachita chimodzimodzi. Mu 1994 maiko 179 anakumana ku Cairo pa msonkhano waukulu wa chiwerengero cha anthu ndi chitukuko. Anakangana kwambiri pa nkhani yochotsa mimba ndipo sanagwirizane kuti ikhale yololedwa ponseponse. Koma anagwirizana kuti mayi aliyense amene wapeza mavuto chifukwa chochotsa mimba alandire chithandizo chabwino, kaya lamulo la dziko lake likuti chiyani. Anatero podziwa kukula kwa vutoli. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chaka chilichonse mimba pafupifupi 73 miliyoni zimachotsedwa, ndipo pafupifupi 45 pa 100 zilizonse zimachotsedwa m'njira zoika moyo pachiswe. Ambiri mwa amene amamwalira amafa ndi zinthu ziwiri zomwe mng'ono wanu ali nazo, kutaya magazi ndi tizilombo, ndipo zonsezi zimachizika munthu akafika msanga.

Mwati mwina ndi chilango. Taganizani izi, mayi. Pa mimba khumi zilizonse zodziwika, imodzi kapena kuposerapo imapita padera yokha, nthawi zambiri chifukwa mwanayo sanapangike bwino kuyambira pachiyambi. Mayi amene anapempherera mwana zaka zambiri akapita padera zina n'kutsalira, amatentha thupi chimodzimodzi, fungo lake ndi lomwelo, ndipo ife timamuthandiza m'njira yomweyo. Iyeyo walakwa chiyani? Komanso mayi wandalama amene wachotsa mimba m'manja mwa akatswiri kawirikawiri sadwala chonchi. Chikanakhala chilango, bwanji chikusankha osauka ndi amantha okha? Zimene zikumudwalitsa ndi tizilombo, ndipo tizilombo sitifunsa kuti mimbayo inachoka bwanji.

Mimbayo inachoka kale. Palibe chimene mungachite lero choti chiibwezere, ndipo kumusiya kuti avutike sikupulumutsa mwana aliyense. Moyo umene uli m'manja mwanu pano ndi wa mng'ono wanu. Mukhoza kupitiriza kukhulupirira kuti analakwa, n'kumunyamulabe kupita naye kuchipatala. Akulu anati chibale ndi fupa, sichiola. Mwa anthu onse iye anasankha kuululira inu, akudziwa bwino maganizo anu pa nkhaniyi. Zokambirana za tchimo ndi kukhululuka zili ndi nthawi yake, ndipo zimafuna kuti iye akhale ali moyo.

Mukafika kuchipatala nenani pakhomo pomwepo kuti mwabwera ndi mayi amene akutaya magazi mimba itachoka ndipo akutentha thupi, kuti asamuike pamzere wa odwala wamba. Tengani mapaketi a mankhwala onse amene wamwa, a mnzake aja ndi anu omwe. Iye auze dokotala kapena namwino tsiku limene anasamba komaliza, chimene anamwa, kuchuluka kwake ndi tsiku lake. Ngati china chake chinalowetsedwa kumaliseche, kaya kamtengo, kachubu kapena mankhwala, asabise ngakhale pang'ono. Zimenezo zimatiuza kuti tiyang'ane ngati chiberekero kapena matumbo zabooka, ndiponso ngati akufunika katemera wa kafumbata. Sitifunsa kuti timugamule mlandu. Kusunga chinsinsi cha wodwala ndi udindo wa aliyense wogwira ntchito yachipatala. Ndikudziwa kuti alipo anzathu ena a pakamwa polasa, ndipo khalidwe limenelo ndi lolakwika. Mukakumana nalo musatembenuke n'kubwerera kunyumba. Pemphani kuonana ndi wamkulu wa pamalopo, ndipo musachoke asanathandizidwe.

Adzamuyeza kuthamanga kwa magazi ndi kuchuluka kwake, adzamuika diripi, ndi kumupatsa mankhwala amphamvu opha tizilombo, mwina kudzera mumtsempha. Pomwe pali makina adzamuunika m'mimba kuti aone zotsalira, komanso kutsimikiza kuti mimbayo sinamere m'chubu, kunja kwa chiberekero. Mimba yotere sichoka ndi mankhwala amene anamwawo ndipo imatha kuphulika. Kenako adzayeretsa chiberekero. Masiku ano timagwiritsa ntchito kachubu kakang'ono kapulasitiki kolumikizidwa ku chipangizo chonga jakisoni wamkulu chimene chimayamwa zotsalirazo. Amayamba amupatsa mankhwala ochepetsa ululu, ndipo ntchitoyo imatenga mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Ngati magazi achepa kwambiri adzamuthira ena, choncho ndi bwino kupita ndi wachibale wina amene angapereke magazi. Ambiri amene afika nthawi yabwino amatuluka patatha masiku ochepa, chiberekero chili bwino, ndipo amadzabereka akafuna.

Asanatuluke akambirane ndi namwino za kulera. Ambiri sadziwa kuti mimba ina ikhoza kuima patangotha sabata ziwiri, asanasambe n'komwe. Mapiritsi, jakisoni kapena kachipangizo ka pamkono akhoza kuyamba tsiku lomwelo, koma lupu amadikira kuti matendawo athe kaye. Akafika kunyumba amalize mankhwala onse. Abwerere mwamsanga akaona kutentha thupi, fungo, kupweteka m'mimba kukukula, chizungulire, kapena magazi onyowetsa mapadi awiri pa ola kwa maola awiri otsatizana.

Akakhala bwino, mudzamufunse modekha kuti mimbayo inabwera bwanji. M'kalata yanu mwamuna sanatchulidwe paliponse, ndipo ndaonapo atsikana amene anakakamizidwa kugonana, kapena kukakamizidwa kuchotsa, koma osauza aliyense. Mukaona akudzipatula, osadya, kapena akulankhula zoti bola kufa, uzani achipatala msanga.

Ngati usiku uno akana kupita chifukwa cha mantha, musamuopseze kuti muuza makolo kapena ampingo. Muuzeni kuti mulowa naye limodzi m'chipinda choyezera ngati iye afuna, ndipo simuchoka mpaka atatuluka. Mutengereni zovala zosinthira ndi mapadi. Ngati akumva chizungulire asayende pansi, mupezereni choyendera ndipo agone miyendo itakwezedwa pang'ono, atafunda, mpaka mukafike.