Ndili pa attachment koma akungondinyamulitsa zida, kodi ndichoke?

Funso la sabata ino lachokera kwa mtsikana wina wa ku Ntcheu amene ali chaka chachitatu cha maphunziro a uinjiniya wa zamagetsi. Wayamba attachment yake yoyamba pamalo ena opopera madzi ku Dedza, ndipo walemba kuti: "Mwezi watha tsopano, koma ntchito yanga ndi kunyamula bokosi la zida, kupukuta fumbi m'mapanelo ndi kulemba manambala a pamita. PLC (kakompyuta kamene kamayendetsa mapampu) sandilola kuikhudza. Amene akundiyang'anira ndi bambo wachikulire wopanda digiri, ndipo sakamba zambiri. Kodi sindikutaya nthawi? Ndipemphe kusintha malo?"

Achemwali, musachoke. Panelo imene mukuipukutayo muli maphunziro ambiri kuposa amene mungapeze pakompyuta mwezi uno, bola muziitsegula muli ndi mafunso.

Mawa lomwe pemphani chithunzi cha mawaya cha panelo ya pampu imodzi. Magetsi akazimitsidwa, tsatirani waya uliwonse ndi chala kuchokera pa breaker, kudutsa ma contactor, overload, mpaka pa mota. Ngati pampuyo ndi yaikulu, n'kutheka mupeza ma contactor atatu ndi timer: ndiyo star-delta, njira yoyatsira mota zazikulu, imene munajambula m'kalasi. Mota yoyatsidwa mwachindunji imakoka mphamvu yochuluka kasanu kapena kasanu ndi kawiri kuposa ya nthawi zonse, choncho imayambira pa star, pomwe koyilo iliyonse imalandira 230V m'malo mwa 400V, kenako timer n'kuisinthira ku delta ikathamanga. Zigayo zamagetsi zambiri zimayamba motere, moti mukadzadutsa pa Lizulu mudzatchere khutu mumve pamene phokoso la mota likusintha.

Mukamatsatira mawayawo muona kuti chithunzi ndi panelo sizikugwirizana pena. Pali kawaya kolumphitsa float switch (switch yoyendera mlingo wa madzi), relay ina inachotsedwa, nambala ya waya inafufutika. Apa ndiye pofunsa bambo aja. Musawafunse ngati mukuwayesa mayeso. Nenani kuti, "Bambo, kawayaka pachithunzi palibe, kanabwera bwanji?" Munthu amene wakhala ndi makinawo zaka zambiri amadziwa usiku umene fezi imodzi inachoka mota n'kuyamba kulira mpaka kupsa, amadziwa pampu imene imavuta mphenzi zikayamba mu Disembala. Zimenezi sizinalembedwe paliponse. Amisiri ambiri otere amakhala chete poyamba chifukwa anaonapo ophunzira obwera ndi matama, ndiye akukuonani kaye khalidwe. Pamenepa digiri musaitchule n'komwe.

Za PLC, ine ndili mbali ya amene akukuletsaniwo. Mukasintha mzere umodzi molakwika, thanki isefukira kapena pampu iyenda yopanda madzi, ndipo anthu a m'tauni adzuka mipopi ili gwa. Koma kuwerenga pulogalamu sikuwononga kanthu. Pemphani akusindikizireni ladder diagram, chithunzi cha pulogalamuyo, kenako fananizani input iliyonse ndi chipangizo chake chenicheni kunja. Manambala amene mukulemba aja nawonso ali ndi nkhani. Sensa ya mlingo wa madzi nthawi zambiri imatumiza 4 mpaka 20mA. Chifukwa choyambira pa 4 n'chakuti thanki ikakhala yopanda madzi muone 4, koma waya akaduka muone 0, n'kudziwa kuti vuto lili pa waya. Muziikanso pambali manambala a ma amp a pampu iliyonse. Akayamba kukwera pang'onopang'ono sabata ndi sabata, kawirikawiri ma bearing akutha kapena china chikugwira pampu, ndipo mukawauza bambo aja zimenezi isanafe, adzayamba kukuitanani okha.

Pali chinthu chimodzi chimene simuyenera kugonjera aliyense, ngakhale wamkulu bwanji. Musagwire waya chifukwa wina wanena kuti wazimitsa. Zimitsani nokha, ikani loko yanu pa isolator (switch yodulira magetsi), kiyi m'thumba mwanu, yesani ndi multimeter, ndipo multimeter yomweyo muiyese kaye pamalo amene muli magetsi kuti mutsimikize kuti ikugwira ntchito. Ngati pali VSD, chipangizo chosinthira liwiro la mota, dikirani mphindi zimene zalembedwa pachivundikiro, pakuti ma capacitor ake amasungabe magetsi oti n'kupha munthu ngakhale atazimitsidwa. Ndimaumirira pamenepa chifukwa ophunzira amachita manyazi kuoneka amantha pamaso pa amisiri, makamaka atsikana amene akufuna kusonyeza kuti ntchitoyi aitha. Mukakanizidwa kutsata njirayi, pamenepo ndiye n'poyenera kuuza aphunzitsi anu akusakireni malo ena.

Dedza yomweyo ili ndi zina zoti muone. Ku Golomoti kuli siteshoni ya magetsi a dzuwa ya 20MW yokhala ndi mabatire akuluakulu, imene inatsegulidwa mu 2022, ndipo kumeneko ma inverter (osintha magetsi a dzuwa kuti alowe m'mawaya a dziko) ndi SCADA (makompyuta oonera ndi kuyendetsera makina uli patali) ndiye ntchito ya tsiku ndi tsiku. Pemphani kalata kusukulu kuti mukacheze tsiku limodzi. Mu logbook musamangolemba kuti "ndinathandiza kukonza pampu". Lembani chimene chinavuta, zimene munayeza, manambala amene munapeza ndi chimene chinasinthidwa, kenako bambo aja asainire Lachisanu lililonse musanaweruke.