Kagudumu ka pamwamba pa tiramu: ndani ankakathira oyilo?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mbale wathu amene amakonza mafani ndi timamota ku Johannesburg. Ndiifupikitsa. Akuti Loweruka lina anatenga ana kukaona magalimoto akale ku James Hall Museum of Transport, ndipo anaima nthawi yaitali pa tiramu, sitima yamagetsi yoyenda mumsewu ija imene agogo awo ankaisimba atabwerako ku Joni. Chimene chinawakopa ndi ndodo yaitali ya padenga, imene kunsonga kwake kumakhala kagudumu koyenda kunsi kwa waya wamagetsi. Funso lawo nali: "Kagudumu kameneka kankazungulira tsiku lonse, m'mwamba, pa waya wamoto. Ndani ankakwera kukathira oyilo? Wina wandiuza kuti bering'i yake inkadzithira yokha mafuta. Ndi zoona, kapena wandinamiza?"

Achimwene, sanakunamizeni, kungoti mawuwo ndi okometsera malonda. Palibe chitsulo chimene chimapanga mafuta. Chimene amisiri anachita ndi kubisa chofewetsera m'thupi momwemo la bering'i, kachitsulo kamene gudumu limazungulirapo, kuti chizituluka pang'onopang'ono pamene bering'iyo ikudyeka. Ndipo inu mumagwira mdzukulu wa bering'i imeneyi tsiku lililonse mukamasula fani. Tifikako.

Tiyambe taona mavuto amene kagudumu kaja kanali nawo, chifukwa mukawaona bwino yankho lizibwera lokha.

Tiramu yamagetsi inakhazikika mu 1888, pamene Frank Sprague anatsegula njanji zake mumzinda wa Richmond ku Virginia, m'dziko la America. Ndodo yokankhidwa ndi sipuling'i kuti ikanikize waya chakunsi anali atayamba kale kuiyesa Charles Van Depoele zaka zochepa m'mbuyomo. Mizinda inatengera njirayi mofulumira, ndipo Johannesburg inayamba kuyendetsa matiramu amagetsi mu 1906 mpaka mu 1961, ndiye agogo anuwo ankasimba zimene anaona ndi maso. Magetsi ake ankakhala mavoti 500 mpaka 600. Ankachoka pa waya, kulowa m'kagudumu, kutsika ndi ndodo mpaka ku mamota a pansi, kenako n'kubwerera kudzera mu njanji. Choncho kagudumuko kanali ndi ntchito ziwiri nthawi imodzi: kugubuduka, komanso kukhala khomo lolowera moto wonse woyendetsa chigalimoto chodzaza ndi anthu.

Kanali ka mkuwa, kokhala ndi ngalande pakati kuti waya azikhalamo, ndipo kukula kwake ngati kasosala ka kapu ya tiyi. Tiwerengere limodzi. Gudumu la masentimita 13 m'mimba mwake likazungulira kamodzi layenda masentimita pafupifupi 40. Tiramu ikamathamanga makilomita 30 pa ola, ndiye kuti pa mphindi imodzi yayenda mamita 500, ndipo kagudumuko kazungulira maulendo 1,250. Liwiro limeneli likufanana ndi la mota wa fani yanu. Koma fani imakhala m'nyumba, pa mthunzi. Kagudumu aka kanali padzuwa, pamvula, pafumbi, kwinaku sipuling'i ikukakanikizira ku waya ndi mphamvu ya makilogalamu khumi kapena kupitirirapo, ndipo pa mfundo iliyonse ya waya kankalandira nkhonya.

Nanga oyilo wamba ankalephera pati? Choyamba, chinthu chozungulira mwaliwiro chimamwaza oyilo kunja, monga mmene tayala la njinga limakuwazirani matope kumsana. Wotsalayo mvula inkamutsuka, kapena ankagwira fumbi n'kusanduka phala lopala chitsulo. Wina ankadontha padenga. Koma vuto lalikulu ndi lakuti oyilo salola magetsi kudutsa. Bering'i yothiridwa bwino imakhala ndi kachikopa kopyapyala ka oyilo pakati pa zitsulo ziwiri, ndipo kachikopa kameneko ndiye ubwino wake wonse. Tsono magetsi akapeza njira yawo yatsekedwa ndi kachikopako, sabwerera. Amalumpha, n'kuthetheka, ndipo kuthetheka kulikonse kumasiya kachilonda pa chitsulo ndi kuwotcha oyilo. Ukathira wambiri, moto uthetheka. Ukapanda kuthira, zitsulo zidyana.

Ndi chifukwa chomwechi bering'i ya timipira sinali yankho lapafupi. Timipira timakhudza chitsulo pa kadontho kakang'ono kwambiri, ndiye moto wonse umapanikizana pamenepo. Owotcherera odziwa ntchito amazidziwa zimenezi: saika waya wa efi, wobwezera moto ku makina owotcherera, pamalo poti moto udutse mu bering'i popita pamene akuwotcherera. Ndinaonapo mnyamata wina akuwotcherera pule ya chigayo ili pa shafiti pomwepo, efi ataimangirira ku felemu. Ntchito inaoneka yaukhondo, mwini chigayo analipira akumwetulira. Sipanathe milungu ingapo bering'i inayamba kulira ngati njuchi, ndipo titaitsegula njira ya timipira inali ndi timizere ngati malata.

Apa ndiye panalowera girafaiti. Ndi chakuda chija chili mumtima mwa pensulo, komanso ndi chimene chili m'mabulashi a kaboni a girayinda yanu. Girafaiti ndi kaboni woyalana m'timapepala topyapyala. Kapepala kalikonse ndi kolimba pakokha, koma kugwirana kwa kapepala ndi kanzake n'kofooka, ndiye timatererana mosavuta. Palani pensulo pa pepala mpaka pade, kenako pakani chala: kuterera mukumvako ndi komweko. Chodabwitsa n'chakuti chinthu choterera chomwechi chimalolanso magetsi kudutsa, sichisungunuka ndi kutentha kwa pa kagudumu, sichidontha, ndipo mvula siichichotsa mosavuta. Zinthu zimene zili ndi makhalidwe onsewa pamodzi n'zochepa kwambiri. (Kwathu girafaiti alipo pansi pa nthaka, ku Malingunde ndi ku Kasiya m'boma la Lilongwe, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.)

Amisiri ankatenga bushi, bering'i yonga kapaipi kakafupi yopanda timipira, yopangidwa ndi bulonzi, mkuwa wosakaniza ndi tini, n'kusema timingalande kapena kuboola timabowo mkati mwake, kenako n'kudinikizamo girafaiti wosakaniza ndi chomatira mpaka kulimba. Mukaiyang'ana mkati mumaona chikasu cha bulonzi chodukizana ndi mizere yakuda. Bulonzi ndiye ankasenza katundu, girafaiti ndiye ankapaka. Kagudumu kakayamba kuzungulira, girafaiti ankadzipaka pa pini ya chitsulo mpaka pini yonse kuchita kunyezimira mwakuda, ndipo kuyambira pamenepo girafaiti ankatererana ndi girafaiti mnzake. Bulonzi akadyeka pang'ono, girafaiti watsopano ankaonekera. Tauni ya Bound Brook ku New Jersey inatchuka ndi mabushi amtunduwu. Mu 1913 kampani ina ya ku Yonkers, New York, inayamba kuchita motembenuza: kutenga girafaiti yemweyo n'kulowetsa chitsulo chosungunula m'timabowo take, chinthu chimene mpaka lero chimagulitsidwa ndi dzina lakuti Graphalloy.

Sikuti anasiya moto wonse kuti udutse mu bushi. Kagudumu kankakhala pakati pa chifoloko cha kunsonga kwa ndodo, ndipo m'mbali mwake munali mawashala ndi timasipuling'i ta mkuwa tokhudza gudumu, kuti moto wambiri uzidzera m'menemo. Magudumu ena analinso ndi kamphako pakati posungira oyilo kapena girizi, kokhala ndi kansalu komutulutsa pang'onopang'ono. Ndiye funso lanu loti ndani ankakwera, yankho ndi lakuti analipo. Usiku tiramu ikalowa mu shedi, munthu ankakwera padenga kukayendera magudumu, kuwagwedeza ndi dzanja, kusintha otha. Chimene bushi ya girafaiti inachita ndi kuchepetsa maulendo okwerawo ndi kuonetsetsa kuti kagudumu sikauma pakati pa msewu masana.

Mungafunse kuti bwanji kuvutika chonchi ndi kachinthu kotchipa. Bushi ikadyeka, gudumu limayamba kupendama ndi kuvina. Gudumu lovina likafika pokhota kapena pamene mawaya apatukana, limaphonya waya. Pamenepo sipuling'i imaponya ndodo m'mwamba, ndodo n'kumenya mawaya omangira, magetsi a m'kati n'kuzima, tiramu n'kuima, ndipo zonse za m'mbuyo mwake n'kuima nazo, poti pa njanji palibe kupitirirana. Kondakitala ankatsika kukakoka chingwe cha ndodo kuti abwezere kagudumu pa waya, usiku akuchita kupapasa, moto ukuthetheka pamutu pake. Ndipo gudumu likagwira osazungulira, limakhula waya wa mkuwa, umene kuusintha kwake ndi ntchito yotseka msewu. Bushi inapangidwa dala kuti ikhale yofewa kuposa pini, izifa iyoyo. Imeneyi ndiyo nzeru imene ine ndimaisirira pa nkhani yonseyi, kuposa dzina lokoma lija.

Mapule anapindula nayo nzeru yomweyi. M'mafakitale akale injini imodzi inkazunguza shafiti yaitali ya kudenga, malamba n'kumatsikira ku makina osiyanasiyana. Pofuna kuimitsa makina amodzi ankakankhira lamba pa pule yongozungulira payokha osakoka kanthu. Pule yotere inali yovuta kuithira oyilo chifukwa inali m'mwamba, pakati pa malamba othamanga, ndiponso inkamwaza oyilo ngati kagudumu kathu kaja. M'fakitale ya nsalu kapena ya chakudya dontho limodzi linkawononga katundu. Bushi youma inathetsa zonsezi. Ena ankagwiritsa ntchito mtengo: wolimba wonyikidwa mu oyilo, kapena lignum vitae wa ku Caribbean, wolemera moti umamira m'madzi, wokhala ndi utomoni wakewake woterera, umene unkagwira shafiti za mapulopela a sitima zapamadzi.

Tsopano tifike pa benchi yanu. Mu 1930 akatswiri a kampani ya Chrysler anatulutsa bushi yotchedwa Oilite. Amatenga ufa wa mkuwa ndi wa tini, pafupifupi magawo 9 a mkuwa pa gawo limodzi la tini, kuudinda mu chikombole, n'kuuwotcha mpaka timibulu tigwirane koma osasungunuka. Chotuluka chimaoneka ngati chitsulo wamba, koma mkati ndi siponji, ndipo gawo limodzi mwa magawo asanu, kapena kupitirira pang'ono, ndi timabowo todzaza oyilo. Shafiti ikazungulira n'kufunda, oyilo amatuluka ngati thukuta. Ikaima n'kuzizira, timabowo timamumwanso monga chingwe cha koloboyi chimakokera parafini. Tibushi tachikasu ta mu fani, ta mu sitata ya galimoto, ta mu mota wa mawaipa, ndi timeneti. Kansalu kaubweya kamene mumakapeza katakulunga bushi ya fani ndi nkhokwe yake ya oyilo, ndiye musamakataye.

Poti ntchito yanu ndi imeneyi, ndikuuzeni zimene ndimaona anzathu akulakwitsa. Fani ikauma, ambiri amatsuka bushi ndi petulo. Petuloyo amatsuka ndi oyilo wa m'timabowo yemwe, bushi n'kutsala chigoba. Ena amapala mkati ndi sandipepa kuti shafiti ilowe momasuka, osadziwa kuti akupaka bulonzi pakamwa pa timabowo n'kutitseka, komanso kusiyamo mchenga. Ena amapaka girizi, amene ndi wolimba moti sangalowe m'timabowo. Fani imayenda masiku angapo n'kuyambanso kulira. Ngakhale kusunga mabushi atsopano pa katoni kapena m'nsanza n'kulakwa, chifukwa pepala limayamwa oyilo. Mukaona banga pansi pa bushi ya mu shelefu, oyilo wake ndi ameneyo.

Kuibwezera moyo n'kosavuta ngati sinadyeke. Inyikeni mu oyilo wopepuka wofunda, osati wowira, igone momwemo usiku wonse. Ngati kasitomala wakhala pa benchi akudikira, chitani ichi: khazikani bushi pa chala chachikulu kuti kunsi kutsekeke, dzazani oyilo mpaka pakamwa, tsekani pamwamba ndi chala chachikulu cha dzanja linalo, n'kufinya. Mudzaona timadontho tikutuluka kunja kwa khoma la bushi ngati mame. Zikatero ndiye kuti timabowo n'totseguka ndipo tamwa. Mukafinya osaona kanthu, kapena shafiti ikamagwedera m'mbali, musataye nthawi, isintheni.

Za girafaiti pali chenjezo limodzi. Kuti aterere bwino amafuna kachinyezi ka mumpweya. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndege zitayamba kuuluka m'mwamba kwambiri, kumene mpweya ndi wouma, mabulashi a kaboni a m'majenereta ankatha m'maola ochepa, akungosanduka fumbi. Padenga la tiramu, pansi pano, vuto limeneli kunalibe. Ndiponso bushi ya girafaiti youma simafuna girizi pamwamba pake: girizi amasakanikirana ndi ufa wakudawo ndi fumbi n'kukhala phala.

Kagudumu kenikeniko mapeto ake anali otani? M'mizinda yambiri anakachotsa n'kuika chotsetsereka, kachitsulo kangalande kokhala ndi chidutswa cha kaboni mkati, kamene kamangokhula waya osazungulira. Kamagwira waya pamalo aakulu, sikathetheka kwambiri, sikachita phokoso, ndipo kaboni akatha amangosolola n'kulowetsa wina. Girafaiti amene poyamba ankabisala mu bushi anatuluka n'kukakhudza waya yekha, bering'i n'kusowa ntchito. Matiramu atsopano ambiri amanyamula chifelemu chopindika padenga m'malo mwa ndodo, monga mukuonera pa Gautrain, sitima yamagetsi ya pakati pa Johannesburg ndi Pretoria, ndipo pamwamba pake pamene pamakhudza waya nthawi zambiri pamakhala kaboni yemweyo.

Mukadzapitanso ku myuziyamu ndi anawo, tengani pensulo ndi kabushi kamodzi ka fani m'thumba. Apatseni afinye okha aone thukuta la oyilo, kenako muwalozere padenga.