Mayi a ku Bwanje, musadikire madzi afike pakhomo

Mayi wina wa kuchigwa cha Bwanje ku Ntcheu wandilembera pa imelo kuti: "Za anamondwe timangomva ku Nsanje ndi ku Blantyre. Kodi ife kuno tide nkhawa? Nanga tikonzekere bwanji?"

Mayi, nkhawayo ikhalepo ndithu. Namondwe amabadwira m'nyanja ya Indian, n'kutulukira kumtunda kudzera ku Mozambique, makamaka pakati pa Novembala ndi Epulo. Pofika kuno mphepo imakhala itafookako, koma mvula ndiye imabwera yonse. Nthawi ya namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, anthu ambiri ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre sanafe ndi mphepo ayi. Anakwiriridwa ndi matope ndi miyala yotsika m'phiri la Soche, uja makolo ankati napolo. Inu muli m'munsi mwa mapiri a Kirk, ndipo mvula yogwa kumtundako imatsikira kwa inu, ngakhale pakhomo panu pangowaza.

Ndiye pempho langa lalikulu ndi ili: a zanyengo akachenjeza pawailesi, samukani dzuwa likadalipo. Pitani kusukulu kapena kutchalitchi komwe kuli pamtunda, agogo ndi ana patsogolo. Ambirife timakanirira chifukwa cha chimanga ndi mbuzi. Ndikumvetsa, ndi thukuta lathu. Koma mbuzizo zimasuleni zingwe, zimadziwa kothawira. Zimandiwawa ndikamva kuti munthu wapita ndi madzi atabwerera kukatenga thumba la ufa.

Chitupa cha unzika, mabuku a kuchipatala, mankhwala omwe mumamwa tsiku ndi tsiku monga ma ARV, machesi ndi tochi, zikulungeni m'jumbo lero lomwe, muzikoleke pafupi ndi chitseko.

Ngati nyumba ndi ya zidina, muzigwira khoma m'munsimu. Likayamba kufewa, dothi n'kumamatirira kuchala, musagonemo usiku umenewo. Mukamva kuphiri kukulindima ngati lole, mtsinje n'kufiira mwadzidzidzi, thawirani pamtunda cham'mbali, osati kutsetsereka ndi khwawa. Mtsinje wa Livulezi ukadzaza musayese kuwoloka. Madzi olekeza m'mawondo amagwetsa bambo wamphamvu.

Mvula ikakata, zimbudzi zimakhala zitasefukira m'zitsime. Kolera ya 2022 ndi 2023 inatiliza mokwanira, choncho madzi akumwa aphitseni kapena thiranimo klorini, ndipo Thanzi asasowe m'nyumba. Mawaya a magetsi ogwa pansi ana asawayandikire. Pochotsa zigumuka gwiritsani khasu, chifukwa njoka nazo zimabisala momwemo.